Timavu ta ku Tiaong

Zaka zitatu ndinalondola lingaliro limodzi
ngati galu amene wasiya kumva likhweru la mwini wake.
Mitengo ya kokonati m'munsi mwa phiri la Banahaw
inali itachita mbuu ndi tizilombo tonga nkhanambo,
masamba akufota kuyambira kunsi,
ndipo ine, Luwalhati Abrenica, wa jasi loyera,
ndinkati mankhwala anga ndiwo yankho.
Ndinali nditalemba kale, masamba makumi asanu ndi limodzi,
m'Chingerezi chosalala ngati mbale ya alendo.

Mang Eleuterio analibe ndalama ya mankhwala.
Munda wake ndinaulemba m'kaundula
ngati munda woyembekezera kufa,
woti ndiziyerekezera ndi minda yochira.
Mwezi wa Okutobala ndinatsika jipini ndili ndi kope,
kudzawerenga mitembo.
Ndinapeza nsonga zili biriwiri.

Ndinati makina anama.
Ndinati mvula, ndinati dothi, ndinati mwayi chabe.
Mkuluyo sanatsutse. Anakwera mtengo,
zidendene zake zong'aluka zikudziwa popondapo,
natsika ndi tsamba limodzi.
Yang'anani, Doktora, tingnan mo,
nkhanambo iliyonse ili ndi kabowo.
Kali m'kati katuluka, kapena kadyedwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha.
Usiku umenewo ku Los Baños, pa maikulosikopu,
ndinaona kamavu kochepa kuposa njere ya mchere
kakuboola chikopa cha mdani n'kuikiramo dzira.
M'minda imene ndinathira mankhwala
timavuto ndinali nditatipha tonse.
Ndinakhala chete mpaka khofi anazizira,
nalimata akundiyang'ana ali kudenga.

Pali mawu awiri amene amayi ankandiphunzitsa
ndikaswa mbale n'kunamizira mphaka:
nagkamali ako.
Ndalakwa.
M'chinenero cha mapepala ndikanabisala,
ndikanati zotsatira sizinagwirizane ndi zoyembekezeka,
ngati palibe dzanja limene linagwira mpope.
M'Chifilipino mulibe kuseri kwa chitseko.
Mawuwo amatuluka osavala nsapato.

Pa msonkhano ku Maynila anandipatsa mphindi khumi ndi zisanu.
Pulofesa Katigbak anandinong'oneza pakhomo
kuti chinenero cha kumsika sichinyamula sayansi,
chidzathyoka ngati dengu lowola.
Chinenero ichi?
Chimene chimati buko kwa kokonati wanthete,
niyog akakhwima, bunot kwa makoko, bao kwa chigoba,
gata kwa mkaka wake, sapal kwa zotsala ukafinya,
tingting kwa kamsana ka tsamba kosesera pabwalo?
Anthu amene anagawa mtengo umodzi chotere
anayamba kalekale kuyang'anitsitsa.
Tili nalonso dzina la ntchito yathuyi: agham.

Ndinayankhula.
Mawu ena ndinabwereka, sindikana,
oksiheno, selula,
monga mmene umabwerekera makwerero kwa mnansi
nyumba n'kukhalabe yako.
Manambala anaima njo, sanagwe.
Mlendo wa ku Osaka anamvera kudzera mwa womasulira
n'kufunsa funso limene linandiluma bwino,
ndipo ndinayankha kuti sindikudziwa, hindi ko pa alam,
kamawu kakuti pa kakusiya chitseko chotsegula:
sindinadziwe, koma kukubwera mawa.

Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi fani,
Mang Eleuterio anakhala atavala barong yobwereka,
chipewa chili pa bondo.
Kwa nthawi yoyamba anamva za munda wake
popanda womuuza zimene zanenedwa.
Anakweza dzanja.
Anati ndalakwitsa mwezi:
timavu timachuluka mphepo ya amihan isanayambe, osati itatha.
Holo yonse inati zii.
Ndinatulutsa cholembera.

Kwathu mawu akuti ife ali pawiri.
Kami amakusiya iwe panja.
Tayo amakukokera mpando.
Pa pepala latsopano, pansi pa mutu,
pali mayina awiri,
ndipo chiganizo choyamba chikuyamba ndi tayo.
Lolemba tikubwerera kumunda
kukaona ngati nayenso walakwa.